WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI: MBIRI YA MACHENJEZO A NYENGO KU MALAMBO

Mau Oyamba

Mafumu athu olemekezeka, alendo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique, amai ndi abambo nonse amene mwasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi: mwambo uno umachitika kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, pamene zokolola zili m'nkhokwe, mitsinje yaphwa, ndipo kuthambo kulibe mtambo ndi umodzi womwe. Pa nyengo yotere munthu saganiza za mvula. Komatu patsala miyezi itatu yokha kuti igwe, ndipo n'chifukwa chake tayesa chanzeru kuika m'kabuku kano mbiri ya momwe anthu a dera lino akhala akuchenjezerana za ukali wa nyengo, kuyambira masiku a makolo kufikira lero.

Tasankha kusimba za boma la Mambwe, m'chigwa cha Luangwa, chimene eni ake amachitcha Malambo. Kumeneko ndi kwao kwa abale athu Akunda, amene anafika m'chigwacho motsogozedwa ndi Mambwe, ndipo lero ali pansi pa Mfumu Yaikulu Nsefu pamodzi ndi mafumu Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Chinansi chathu ndi iwo n'chakale. Ngakhale mishoni ya Msoro inatsegulidwa ndi Mchewa, wansembe Leonard Kamungu wa ku Chia, pafupi ndi Nkhotakota, amene anamwalira komweko mu 1913. Koma pali chingwe china chotimanga pamodzi chimene ambiri sitichiganizira, ndicho madzi.

Madzi a Kumtunda, Tsoka la Kuchigwa

Dziko la Katete lili pamsana wogawa madzi. Mvula ikagwa kuno, madzi ena amatsikira kummwera kudzera mu mtsinje wa Kapoche mpaka ku Mozambique, kudera kumene kunali likulu lakale la Undi ku Mano. Ena amalowera kumpoto mu mtsinje wa Lupande, umene umadutsa kwa Msoro n'kukathira mu Luangwa kufupi ndi Mfuwe. Nawo mtsinje wa Msandile umatenga madzi a kumtunda kwa Chipata n'kukawatula m'chigwa chomwecho. Luangwa weniweniyo amachokera kutali kumpoto, kumapiri a Mafinga, ndipo amayenda makilomita oposa 700 asanakakumane ndi Zambezi pafupi ndi Zumbo.

Katete ndi Chipata ali pamtunda wokwera mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, pamene Mfuwe ali pa mamita osafika 600. Motero Malambo ali ngati lichero lolandira zonse zotsika kumapiri. Dziko lake n'lachidikha, ndipo dothi la m'nkhalango za tsanya ndi lamakande, losamwa madzi msanga. Luangwa akadzaza, mitsinje yothira mwa iye imasowa kotula madzi ake, choncho imabwerera m'mbuyo n'kumwazikira m'minda ndi m'midzi. Ichi n'chifukwa chake munthu wa kwa Kakumbi angathe kugona kunja kuli nyenyezi, n'kudzuka pakati pa usiku mphasa ikuyandama. Mvula imene yamuononga sanaione. Inagwa kwa ife dzana.

Apa ndiye pagona nkhani yathu yonse. Madzi amatenga maola ambiri, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kuposerapo, kuti atsike kuchoka kumtunda kufika kuchigwa. Ngati mau angathe kuyenda msanga kuposa madziwo, moyo wa anthu ndi chuma chao zingapulumuke. Mbiri ya machenjezo a nyengo ndi mbiri ya mpikisano umenewu, wa pakati pa mthenga ndi madzi.

Momwe Makolo Ankachitira

Makolo athu sankaiona mvula ngati nkhani ya munthu mmodzi. Inali nkhani ya dziko lonse, yoyang'aniridwa ndi mafumu ndi akuluakulu a kachisi. Kachisi wamkulu wa Achewa anali ku Msinja, m'mapiri a Dzalanyama, kumene kunkakhala Makewana, mai wa ana onse, wopembedzera mvula kwa Chisumphi. Akuti iyeyu sankameta tsitsi lake poopa kuti angamete mvula. Pakafunika kusonkhanitsa anthu, Tsang'oma ankaomba ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, ndipo mafumu, kuphatikizapo Undi, ankatumiza amithenga ndi nsembe. Tikayang'anitsitsa, tiona kuti kachisi uja sanali malo opempherera okha. Analinso malo okumanirana nkhani: kumene kwagwa mvula, kumene kwachita ng'amba, kumene kwatera dzombe.

Kumudzi nako kunali akuluakulu odziwa kuwerenga zizindikiro. Kutentha kopitirira kwa mwezi wa Okutobala, kuphukira kwa mitengo, kulira kwa achule, kubwera kwa anamzeze, kutuluka kwa linthumbu, ndiponso kutembenuka kwa mphepo kuchoka ku mwera kupita ku mpoto, zonsezi zinkauza mlimi kuti asule khasu ndi kufolera nyumba. Mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba pamene ina ikuphukira, unali kalendala ya aliyense. Mvula nayo inali ndi maina ake malinga ndi ntchito yake: chizimalupsa chozimitsa moto wa kutchire, mvula yobzalira, ndi mvumbi wosakata masiku angapo.

Anthu a kuchigwa anali ndi nzeru zinanso zokhudza mtsinje. Madzi akasintha mtundu n'kuyamba kubwera ndi thovu, zinyalala ndi zipika, iwo ankadziwa kuti kumtunda kwagwa yambiri ndipo mtsinje uli m'njira. Ankalima m'mbali mwa mitsinje momwe muli chonde, koma ankadziwa malo okwera othawirako, ndipo ankakumbukira pamene madzi anafika m'zaka za agogo ao. Paja amati madzi saiwala khwawa.

Nzeru zimenezi tisazipeputse, pakuti zinachokera m'kupenyetsetsa kwa mibadwo yambiri. Koma tinene zoona, zinali ndi malire. Maso a munthu amalekera pamene thambo lakumana ndi mapiri, ndipo mthenga wapansi sangapose mtsinje wodzaza. Njala ya 1949 ku Nyasaland inapeza anthu asanakonzeke, chifukwa chiyambi chake chinali kutali kumene diso la mkulu wa pamudzi silikanafika.

Kodi Mvula Imachokera Kuti?

Kuti timvetse machenjezo a masiku ano, tiyenera kudziwa pang'ono momwe mvula imapangikira. Dzuwa likaomba pa nyanja, pa madambo ndi pa masamba a mitengo, madzi amasanduka nthunzi yosaoneka, monga momwe chovala chonyowa chimaumira pa chingwe. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho umakwera pamodzi ndi nthunziyo. Kumwamba n'kozizira: munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake ku Mfuwe kumatentha kuposa ku Chipata, ndipo mu Okutobala kutentha kwa kuchigwa kumatha kupitirira madigiri 40. Nthunzi ija ikazizira imasanduka timadontho, monga timaonera kunsi kwa chivundikiro cha mphika. Timadontho tambirimbiri ndiwo mtambo, ndipo tikaphatikana n'kulemera timagwa ngati mvula.

Nanga n'chifukwa chiyani imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo? M'miyezi imeneyi dzuwa limadutsa pamutu penipeni kuno kummwera, dziko limatentha, ndipo mphepo zochokera mbali zosiyana zimathamangira kuno. Pali mphepo yachinyezi yochokera ku Congo, pali ya kumpoto chakum'mawa, ndiponso ya kummwera chakum'mawa yochokera ku nyanja ya India. Pamene mphepozi zakumana, mpweya umasowa kolowera koma kumwamba, ndipo pamapangika lamba wautali wa mitambo amene akatswiri amamutcha ITCZ. Lambayu amatsika kuchokera kumpoto kumayambiriro kwa dzinja n'kubwereranso kumapeto kwake. Akaima pamwamba pathu masiku ambiri, ndiye mvumbi ndi madzi osefukira. Akazengereza kapena kukhalira kumpoto, ndiye ng'amba. Apa tikuona kuti makolo sanalakwe poyang'ana mphepo ya mpoto.

Mtambo wa mabingu umakwera makilomita oposa 10. M'kati mwake madontho ndi timiyala ta madzi oundana zimakhulana n'kupanga mphamvu ya magetsi, imene imatuluka ngati mphezi. Kuwala kwake kumatifika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu. Tsono munthu akaona kung'anima n'kuwerenga, bingu n'kumveka asanafike pa 30, adziwe kuti mphezi ili pafupi. Achoke pansi pa mtengo, m'madzi ndi pabwalo, alowe m'nyumba.

Mvula imayezedwa m'mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Tikamva pa wailesi kuti kugwa mamilimita 50, nambalayo imamveka yaing'ono, koma pa hekitala imodzi amenewo ndi malita 500,000, kapena kuti migolo 2,500 ya malita 200. Taganizani za mahekitala onse a kwa Mbang'ombe ndi madera ena othira mu Lupande, ndipo mudzaona kukula kwa katundu amene timatumiza kwa Msoro usiku umodzi. Kumene mitengo yatha chifukwa cha makala ndi kutsegula minda, nthaka simwa madzi mokwanira, ndipo katunduyo amatsika mwaliwiro ndi mchenga womwe.

Zochokera Kutali: Anamondwe ndi Chilala

Pali zinthu ziwiri zimene zimayambira kutali kwambiri koma zimatha kugwedeza nkhokwe za kuno. Choyamba ndi namondwe. Iyeyu amabadwira pa nyanja yamchere pamene madzi ake atentha kufika madigiri 26 kapena kuposerapo. Nthunzi imakwera yochuluka, mphepo imazungulira ngati kamvuluvulu wamkulu wa makilomita mazanamazana, ndipo akafika pamtunda amakhuthula madzi onse amene anasenza. Idai anaononga mzinda wa Beira mu Malichi 2019. Ana, mu Januwale 2022, anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revubwe ku Tete ndi kuononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Malawi. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia mu Febuluwale 2023, nakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku, ndipo mu Malichi anagumula mapiri kummwera kwa Malawi. Anthu oposa 600 anapezeka atafa, ndipo mazana ena sanaonekenso. Abale athu a ku Malawi amatcha zoterezi Napolo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Namondwe safika ku Malambo ndi mphamvu zake zonse, koma amatha kukokera mphepo ya ku Congo pamwamba pathu n'kuchulukitsa mvula, kapena kutilanda chinyezi n'kutisiyira dzuwa.

Chachiwiri ndi El Niño. Dzinali linachokera kwa asodzi a ku Peru, amene anaona kuti zaka zina madzi a nyanja ya Pacific amafunda mosazolowereka nyengo ya Khirisimasi. Pambuyo pake akatswiri, monga Gilbert Walker m'zaka za m'ma 1920 ndi Jacob Bjerknes m'zaka za m'ma 1960, anaonetsa kuti kufunda kumeneku kumasokoneza kayendedwe ka mphepo pa dziko lonse. Kuno kummwera kwa Africa, kawirikawiri zotsatira zake ndi chilala. Akuluakulu ambiri amene ali pano akukumbukira chilala cha 1991 ndi 1992, pamene tinadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Ubwino wake ngwakuti El Niño amaoneka miyezi ingapo mvula isanayambe, kotero kuti mlimi angathe kuuzidwa nthawi ilipo.

Mthenga Aphunzira Kuthamanga

Machenjezo a boma anayamba pamene anthu anapeza njira yotumizira mau mwaliwiro kuposa mphepo. Mu Okutobala 1859, namondwe anamiza sitima yotchedwa Royal Charter ku Britain, ndipo anthu oposa 400 anafa. Zitatero, Robert FitzRoy anayamba kusonkhanitsa malipoti a nyengo kuchokera m'madoko kudzera pa waya wa telegalafu, ndipo mu 1861 anayamba kuchenjeza amalinyero namondwe asanawafike. Nzeru yake inali yomwe ija ya ng'oma ya ku Msinja: amene waona auze amene sanaone.

Kuno kwathu, m'masiku a atsamunda, mvula inkayezedwa pa maboma, pa mishoni ndi m'mafamu, koma zolembedwazo zinkathandiza makamaka alimi achizungu ndi oyendetsa ndege. Pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, likulu la ntchitoyi linali ku Salisbury. Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, linakhazikitsa nthambi yakeyake yoona za nyengo mu 1967. M'chigawo chino muli malo oyezera nyengo monga ku Chipata, ku Msekera ndi pa bwalo la ndege la Mfuwe. Kumwamba nako kunatsegulidwa maso: setilaiti yoyamba yojambula mitambo bwinobwino inaulutsidwa mu 1960, ndipo kuyambira 1977 masetilaiti a Meteosat akhala akuyang'ana Africa usana ndi usiku.

Chilala cha 1992 chinaphunzitsa boma kuti kudziwa kokha sikukwanira. Mu 1994 linakhazikitsa ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DMMU, pansi pa Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa Dziko, ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsera ntchitoyi mpaka m'maboma ndi m'midzi. Kuyambira 1997, akatswiri a maiko a SADC amakumana chaka ndi chaka mvula isanayambe kuti agwirizane za momwe dzinja likuonekera. Boma la Mambwe linali limodzi mwa maboma 16 amene anasankhidwa mu ntchito ya SCRALA, yovomerezedwa mu 2018, imene cholinga chake china chinali kufikitsa uthenga wa nyengo kwa alimi ang'onoang'ono. Wailesi za m'chigawo chino, monga Breeze FM ndi Radio Maria za ku Chipata, pamodzi ndi lamya za m'manja, zachititsa kuti mau ochokera ku Lusaka afike kwa Malama tsiku lomwelo.

Zaka Zosaiwalika ku Malambo

Mu Febuluwale 2007 mtsinje wa Luangwa unasefukira koopsa kudera la Mfuwe. Malo ogona alendo odzaona nyama a m'mbali mwa mtsinje anamira, minda ndi nyumba zinalowa madzi, ndipo mabanja ambiri anathawira kumalo okwera. Mu Januwale 2020 madzi anabweranso m'maboma a Mambwe ndi Lumezi, nagwetsa nyumba ndi kudula misewu. Amene anakhalako kuchigwa akudziwa tanthauzo la zimenezi: mai wodwala sangafike kuchipatala, ana sangaoloke kupita kusukulu, zitsime zimasakanikirana ndi zimbudzi, ndipo ng'ona zimafika pamene dzulo pankasewera ana.

Kenaka kunabwera tsoka la mtundu wina. Akatswiri anali atalengeza pakati pa chaka cha 2023 kuti El Niño wabweranso. Kumayambiriro kwa 2024 mvula inadula kwa milungu yambiri, chimanga chili pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa Dziko Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi ya dziko lonse: maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga anaonongeka. Ku Malawi nako, mu Malichi, boma linalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa 28.

Pa zochitika zonsezi phunziro ndi limodzi. Masiku ano vuto lalikulu silikhalanso kusowa kwa chenjezo. Freddy anaonedwa akubwera masiku ambiri asanafike, ndipo El Niño analengezedwa mbeu zisanalowe m'nthaka. Vuto limakhala pa mtunda wotsiriza, wa pakati pa wailesi ndi khomo la munthu: mau afika m'Chingerezi, kapena afika kwa amene alibe kothawira, kapena afika kwa amene anati, "Ananenanso chaka chatha, koma sikunachitike kanthu."

Pa dandaulo lotsirizali tiyenera kunena mosabisa. Wolosera za nyengo si woombeza, ndipo salonjeza. Iye amanena za mpata wakuti chinthu chichitike. Mtambo wa mabingu ungathe kukhuthula madzi kwa Jumbe n'kusiya kwa Mnkhanya kuli gwa, ndipo palibe makina amene angaloze mudzi weniweni kutatsala masiku atatu. Koma munthu amene wasamutsa mbuzi ndi ufa wake, madzi n'kusabwera, wataya tsiku limodzi lokha. Amene wakhala, madzi n'kubwera, wataya chaka, mwinanso moyo.

Udindo Wathu

Tanthauzo la Kulamba, mwambo umene Kalonga Gawa Undi Chivunga anaudzutsanso mu 1984 utaletsedwa kwa zaka 50, ndi lakuti mafumu amabwera kudzafotokoza momwe anthu ao akukhalira. Ndi mwambo wa kuuzana. Tsono tikupempha kuti mzimu womwewu upitirire m'miyezi ya dzinja.

Mafumu ndi anyakwawa a kumtunda, m'mbali mwa Lupande ndi Msandile, akhale ndi nambala za lamya za anzao a kuchigwa, ndipo yambiri ikagwa kapena mtsinje ukadzaza, aimbe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Mudzi uliwonse wa kuchigwa ugwirizane kukadali chilimwe za malo othawirako, njira yopitira kumeneko, ndi amene adzanyamule okalamba ndi olumala. Pakhale chizindikiro chodziwika kwa onse, kaya ndi ng'oma, belu la tchalitchi kapena chitsulo cha pasukulu. Aphunzitsi ndi ana amene amamva Chingerezi amasulire machenjezo kwa makolo ao. Munthu asayese kuoloka madzi othamanga, pakuti ngakhale ofika m'maondo okha amagwetsa munthu wamkulu. Alangizi a zaulimi akanena kuti mvula ichepa, tisachite manyazi kubwerera ku mapira, chinangwa ndi mbeu zocha msanga zimene zinasunga makolo athu. Ndipo ife a kumtunda tileke kumeta mapiri ndi magombe a mitsinje, podziwa kuti mtengo umene tadula kuno umakalipiridwa ndi m'bale wathu kwa Nsefu.

Mau Omaliza

Mu 2022 bungwe la United Nations linaika cholinga chakuti pofika kumapeto kwa 2027, munthu aliyense pa dziko lapansi azitetezedwa ndi machenjezo ofika nthawi yabwino. Cholingacho n'chabwino, koma sichingakwaniritsidwe ndi masetilaiti okha. Setilaiti imaona mtambo, koma siidziwa khomo la gogo amene samva bwino, kapena mwana amene wapita kukaweta tsidya lina. Odziwa zimenezi ndi ife.

Mvula tikuifuna, ndipo walira mvula walira matope. Sitingailetse kugwa, sitingauze Lupande kuti abwerere. Chimene chili m'manja mwathu ndi kuonetsetsa kuti mau afike madzi asanafike. Pamene tikubwerera kwathu, ena kumapiri, ena kuchigwa, ena kutsidya kwa malire, tinyamule mau a makolo akuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo aliyense wa ife akhale mnansi wotero kwa amene ali kumunsi kwa mtsinje.

Yoo Gawa!